Momoni si Mamoni

Amayi anga,

Kunja kwatentha ngati pa uvuni wa njerwa, ndipo kuyambira m'mawa mphepo ikuulutsa fumbi loyera limene limalowa m'nyumba ngakhale mazenera ali otseka. Ndi masana a Lachisanu. Ku mzikiti wa kuseri kwathu angomaliza kupemphera, madamu amene ndimawagwirira ntchito ndi ana awo apita kukadya kwa apongozi awo, ndiye nyumba yonse ino ya ku Madinat Khalifa, kuno kudziko la eni, yatsala ndi ine ndi kulira kwa makina oziziritsa. Ndakhala pabedi m'kachipinda kanga ka kuseri kwa khitchini. Kaya inu mwadzuka bwanji kumeneko? Miyendo ija inasiya kutupa?

Ndiyambe ndi zabwino, monga munkachitira inu mukabwera kuchokera kumudzi. Akazi a achimwene a Yohane anachira bwinobwino, mwana wamkazi, wa mphumi yotakata ngati yanu. Chimanga sichinachite bwino chifukwa mvula inadula chikungomasula, koma nandolo ndiye wabereka. Mtengo wanu wa mapeyala ku Thyolo unalemedwa mpaka nthambi ina inathyokera padenga la khitchini, ndipo achimwene sanakonzebe. Nyumba ya lendi ya ku Ndirande anaibweza kwa eni ake. Chiwaya chanu cha mandasi chili ndi ang'ono anu, mayi aang'ono a Filesi, koma ndikumva kuti mandasi awo amatuluka olimba.

Zabwino zathera pomwepa. Ndakwiya, amayi. Mukundidziwa kuti ine ndi uja wobisala kuseri kwa chitseko alendo akafika, uja aphunzitsi ankati ndilibe pakamwa. Koma panopa ndikamasita zovala za eni nyumba ndimapezeka ndikulankhula ndekha, mano ali gwa.

Mwana wa achimwene sanamutche dzina lanu. Iwo ankafuna akhale Agnesi, koma achimwene anu, amalume a Fakisoni, anakana. Akuti dzinalo linadetsedwa. Zimenezo ndikanapirira. Chimene chandichotsa tulo ndi Tadala, mwana wanga yemwe, amene ndinakusiyirani m'manja ndikubwera kuno. Maliro anu atatha anamutengera kumudzi kwa mayi aang'ono a Filesi. Poyamba ndikaimba foni ya vidiyo ankalimbirana nayo, kundionetsa nkhuku, kundionetsa chilonda cha pabondo. Kenako anayamba kusowa. Lero akuti wagona, mawa akuti ali kumadzi. Tsiku lina ndinamuona ndithu ataima kumbuyo kwa mayi aang'ono, atagwira chitenje chawo.

"Tadala, bwera ulankhule ndi mayi ako," anatero mayi aang'ono.

Mwanayo anabisa nkhope m'chitenje. "Ayi. Amenewo ndi a Mamoni. Andidya ngati agogo."

Ndinafunsa kuti mawu amenewa wawatenga kuti. Mayi aang'ono anayang'ana kumbali n'kunena kuti, "Esinati mwanawe, usandipanikize ine. Afunse amalume ako." Koma nditawachonderera anandiuza zonse.

Tsiku losesa maliro anu, anthu atakhala pabwalo, amalume anaimirira ngati ali m'katchalitchi kawo ka malata kaja. Anati inu munalowa mpingo wa Mamoni ku Blantyre. Anati Mamoni ndi dzina la chiwanda cha chuma, iwo analiona m'malemba a Chingerezi. Anati taonani, mayi walowa mpingowo, mwana wakwera ndege, sipanapite nthawi mayi wagwa. Ndani sangaone kuti panali malonda? Ndipo anawonjezera za tiyi. "Munthu wobadwira m'minda ya tiyi, wothyola tiyi kuyambira ali mtsikana, n'kudzuka tsiku limodzi kuti tiyi ndasiya. Tsono ankamwa chiyani m'malo mwake?" Sanatchule magazi, koma aliyense anamva magazi.

Mukukumbukira ndinakulonjezani kuti ndidzamugulira Tadala nsapato zoyaka magetsi akaponda? Ndinazipeza m'kasitolo kena ku Najma, zapinki, ndinapatsira mayi wina wopita kumudzi. Mwana anavala madzulo amodzi okha. Amalume ataona zidendene zikuthwanima anati umboni ndi umenewo, ndipo anazitentha kuseri kwa nkhokwe Tadala akuonerera. Nsapato, amayi! Za mabatire, zimene ana a anthu amathamanga nazo m'misika yonse ya kuno!

Ndiye ndimafunsa ndekha: amalumewa anali kuti zaka zonse zija mukudwala BP? Amene ndinkakukwezani pa kabaza kupita kuchipatala ndinali ine. Amene ndinkamva adokotala akukukalipirani za mchere ndi utsi wa mbaula ndinali ine. Matenda anu anayamba kale anyamata a mpingo wanu ovala malaya oyera aja asanagogode pakhomo pathu. Amalume akabwera m'tauni ankadya mandasi anu mpaka mafuta kutsikira m'chigongono, osaona chiwanda chilichonse. Ndipo pa maliro anu, amene ine ndinangoonera pafoni chifukwa kontirakiti sinandilole kubwera, anzanu a kumpingo anabwera ndi minibasi kuchokera ku Blantyre. Ndauzidwa tsopano kuti anawaimika kunthochi, osawalola kuimba ngakhale nyimbo imodzi. Anthu amene ankakuchapirani mutagona!

Nanga chumacho chili kuti? Chuma cha Mamoni ndi chimenechi chotsuka zimbudzi za eni ake? Mukanaona manja anga mmene asupukira ndi jiki. Tsiku langa la ofu ndinapita ku Najma kumene Amalawi timakumana pafupi ndi potumizira ndalama, ndipo ndinalimba mtima kuwauza anzanga nkhaniyi. Bambo wina wa ku Dedza, mlonda wa pahotela, anati, "Chemwali, Mamoni wanuyo mukamuona mumuuze ndili pageti, shifiti ya masana. Zaka zonsezi akungondidutsa." Onse anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ine sindinaseke. Ndinakwera basi n'kubwerera.

Munkakonda kufunsa munthu akabwera ndi miseche pa chiwaya panu kuti, "Wamva ndi khutu liti?" Ine vuto langa linali lakuti ndinalibe choyankha. Sindinalowe nawo mpingo wanu, ndinatsalira kumpingo wathu wakale kumene munandibatiza ndili khanda, ndipo inu simunandikakamize. Ndinkangodziwa kuti mumati ndinu a Momoni, simumwa tiyi, ndipo Lamulungu mumavala bulauzi yoyera ija. Dzinalo likutanthauza chiyani sindinkadziwa. Usiku wina ndinafika poganiza kuti mwina amalume akudziwa zimene ine sindidziwa, ndipo maganizo amenewo anandikwiyitsa kuposa zonse.

Tsono tamvani mmene yankho linabwerera. M'nyumba muno muli mayi wophika, wa ku Philippines, wamkulu kwa ine, lero ali pa ofu. Timamuitana Ate Lusi. Ate kwawo ndiye kuti achemwali. Kuno anthu amamwa tiyi wina wa mkaka ndi zonunkhira wotchedwa karaki, ndipo dalaivala akapita kukasiya ana kusukulu amatibweretsera m'timakapu ta mapepala. Ate Lusi kapu yake amandipatsa ine nthawi zonse. Khofi wa madamu amaphika yekha koma salawa. Ine ndinkangoti mwina ndi shuga. M'mawa wina akukanda ufa wa buledi ndinamufunsa ndi Chingerezi changa chothyokathyoka kuti bwanji samwa.

"Kutchalitchi kwathu sitimwa tiyi ndi khofi," anatero.

"Tchalitchi chanji?"

Anatchula dzina lalitali, lomwe lija linali pa kabuku kanu ka nyimbo, lokhala ndi Yesu Khristu n'kuthera pa oyera mtima a masiku otsiriza. Kenako anati, "Koma anthu amangotitcha a Mormon."

Ndinaika kapu pansi. Ndinayang'ana mayi amene ndakhala naye khitchini imodzi nthawi yonseyi, amene anandipaka mafuta pamsana nditadwala. Ndinafunsa motsitsa mawu kuti, "Mamoni? Wa ndalama? Satana?"

Amayi, anaseka mpaka anakhala pa thumba la mpunga. "Ndalama? Ine? Ukuona ndalama pano?" anatero akukweza manja ake oyera ndi ufa. Koma ataona kuti ine ndikulira analeka. Ndinamuuza za inu, za amalume, za nsapato. Anawaza ufa patebulo n'kulemba ndi chala mawu awiri, ena pamwamba ena pansi: MORMON, MAMMON. Analoza apansi n'kunena kuti awa ndi chuma. Analoza apamwamba n'kunena kuti ili ndi dzina la munthu, ngati Lusi, ngati Esinati.

Ndinaima n'kumayang'ana ufa uja. Ife lilime lathu siligwira r wa pakati uja, ndiye timati Momoni. Kuchoka ku Ndirande kukafika ku Thyolo, o wasanduka a. Basi. Chilembo chimodzi chimenecho ndicho chawotcha nsapato za mwana wanga, chaimika anzanu kunthochi, chalanda khanda dzina la agogo ake. Madamu anakuwa kuchokera kumtunda kuti "Yala, yala!", ndiko kuti fulumirani, ndipo Ate Lusi anafufuta ufa ndi chikhatho, koma ine ndinali nditaona kale.

Masiku otsatira ankandifotokozera pang'onopang'ono, tikusenda anyezi, tikupinda zovala. Inu mukuzidziwa kale izi, koma ndiloleni ndinene kuti mumve ngati ndagwira bwino.

Akuti zinayambira ku Amerika, zaka pafupifupi mazana awiri zapitazo, ndi mnyamata wa pa munda amene sukulu sanapite nayo patali. Kwawoko mipingo inkalimbirana anthu, uwu ukuti bwerani kuno, uwo ukuti kumeneko mukapsa. Nditamva zimenezo ndinati ndiye kwathu kumeneko. Mnyamatayo anasokonezeka, anapita m'kankhalango kukapemphera yekha, ndipo anabwerako akunena kuti waona Mulungu ndi Yesu, amuuza kuti asalowe mpingo uliwonse mwa imeneyo. Patapita zaka anati mngelo wamulozera pa phiri lina pamene panakwiriridwa zolemba zakale, zolembedwa pa timapale ta golide tomangidwa ngati buku. Iye anazimasulira m'Chingerezi, ndipo limenelo ndi buku lija munkaliika pamwamba pa wailesi pamodzi ndi malemba enawo.

Tsono Mormoni ndi munthu wa m'bukumo. Akuti anali mneneri komanso mtsogoleri wa asilikali kalekale ku dziko lomwelo. Anthu a mtundu wake ankatha ndi nkhondo iye akuona, ndiye anasonkhanitsa mbiri ya makolo awo yonse, n'kuilemba mwachidule kuti isatayike, n'kusiyira mwana wake wamwamuna. Mwanayo ndi amene anakakwirira paphiri paja atatsala yekhayekha. Ndipo Mormoniyo naye dzinalo anamutcha potengera malo ena a madzi kumene anthu ankabatizidwira mobisala, pothawa mfumu yankhanza. Ndiye ndi dzina la malo, lasanduka la munthu, lasanduka la buku. Chuma palibepo.

Chimene chinandigwira mtima ndi chakuti eni ake sanadzitche okha dzinali. Anawatcha ndi anthu owanyoza, potengera bukulo. Ankawathamangitsa m'mudzi ndi m'mudzi, kuwawotchera nyumba, ndipo mnyamata uja atakula anaphedwa ndi gulu la anthu ali m'ndende. Otsalawo anayenda ulendo wautali ndi ngolo, ena akukoka okha ndi manja, mpaka kukakhala kuchipululu pafupi ndi nyanja ya mchere. Ate Lusi akuti masiku ano akuluakulu awo amapempha kuti anthu azitchula dzina lenileni la mpingo, lokhala ndi Yesu lija, osati lachipongweli. Ndinamufunsanso za mitala, poti ndinamvapo. Anati inalipo kale, anaisiya agogo ake asanabadwe. Za tiyi anati ndi lamulo lawo losamalira thupi, pamodzi ndi mowa ndi fodya.

Musandiyese ndatembenuka, amayi. Za mngelo ndi golide sindikudziwa ngati zinachitikadi, ndipo Ate Lusi ndinamuuza zomwezo. Anangoti, "Palibe vuto, senda anyezi." Koma munthu angakane nkhani ya mnzake popanda kumupachika ufiti. Inu munali ndi ufulu wokhulupirira zimene munakhulupirira, ndipo munamwalira ndi BP.

Ndiye ndinachita chinthu chimene sindinachitepo. Banja lathu lili ndi gulupu pafoni, mmene ine ndimangolemba "ameni" ena akaika pemphero. Ndinalowa m'chipinda chochapira, ndinatseka chitseko, ndinajambula mawu anga. Ndinkayamba n'kufufuta, kuyamba n'kufufuta. Pomaliza ndinanena zonse monga ndakuuzirani, kuyambira mnyamata wa pa munda mpaka bambo amene analembera mwana wake mbiri. Ndinamaliza ndi kuti, "Amalume, ndi ulemu wonse, dzina limene munatchula pa maliro a amayi munalimva ndi khutu liti?" Ndinatumiza ndisanasinthe maganizo, kenako ndinakhala pansi pafupi ndi makina ochapira.

Mukuganiza kuti anapepesa? Achimwene anuwo mukuwadziwa. Anayankha tsiku lomwelo, mawu ali pamwamba. "Mwamva nokha abale! Golide! Wanena yekha ndi pakamwa pake kuti buku lawo ndi la golide. Tsono ine ndinanama pati? Iwe Esinati, ndege yakukulitsa mtima eti? Wayamba kuphunzitsa amalume ako zilembo?" M'nkhani yonse ija iwo anatolamo liwu limodzi lokha. Ena m'gulupu anaika timanja topemphera. Achimwene a Yohane anangokhala chete, ndipo chete ameneyo ndidzawafunsa pamaso. Ndinalira ndi ukali tsiku limenelo mpaka ndinawotcha kolala ya malaya a bwana. Ndinati basi, ndaonjezera moto, mwana wanga ndamutaya.

Koma dzulo masana foni inalira, ya vidiyo. Anali mayi aang'ono a Filesi, ali m'munda wa nandolo, kutali ndi nyumba. Anayang'ana uku ndi uku asanalankhule.

"Mawu ako aja ndawamvera kangapo," anatero. "Za ku Amerikazo ine sindikuzidziwa. Koma pamene unati khutu liti, ndinamva achemwali anga enieni. Ndinali nawo kuchipatala ine tsiku lomaliza, ndinamva zimene adokotala ananena. Ndinangoopa kutsutsa mwinimbumba pagulu." Kenako anatembenuka. "Iwe, tabwera. Amene unkafunsa uja ndi uyu."

Tadala anatulukira m'nandolo pang'onopang'ono, chala chili m'kamwa. Wakula, amayi, khosi latalika. Mayi aang'ono akuti mwanayo ankamvetsera nawo mawu aja atabisala kuseri kwa gome. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo uja," anatero, "analembera mwana wake. Anamudya?"

"Ayi mwanangu. Anangomulembera."

"Nanga agogo ankamwa chiyani m'mawa?"

"Madzi otentha a mandimu. Waiwala? Unkawalanda kapu iwe."

Anaganiza kaye. Ndinaona kuti wakumbukira, chifukwa anakwinya mphuno monga ankachitira mandimu akamuwawasa. Kenako anafunsa kuti dzina lija ndi ndani kwenikweni. Ndinamutchulira pang'onopang'ono monga amatchulira Ate Lusi, ndi r wake yemwe. Anayesa, lilime linakana. Anayesanso, panangotuluka mphepo ndi malovu, ndipo anaseka. Ataseka ndi pamene ndinaona kuti mano awiri akutsogolo palibe. Anaguluka nthawi imene sankandilankhula, ndipo palibe anandiuza.

"Amayi," anatero, "mano anga ndinaponya padenga."

Amayi. Anatero ndi pakamwa pake popanda mano. Netiweki inaduka pomwepo, koma ndinali nditamva.

Sikuti zatha. Amalume akadali pomwepo, ndipo mayi aang'ono akuti tiziimbirana ali kumunda mpaka zinthu zitazizira. Zimenezo zikundiwawabe, kuti ndizilankhula ndi mwana wanga mobisala m'nandolo ngati wakuba. Khanda la achimwene likukula ndi dzina lina. Ukali wanga sunathe, ndipo sindikufuna uthe ndisanafike.

Ndikulonjezani ichi. Kontirakiti ikatha ndibwera, ndipo ndidzamanga chiliza chanu ndi manja osupukawa, dzina lanu lonse litalembedwa bwino, chilembo chilichonse pamalo pake. Ndidzaitana anzanu a ku Blantyre aja kuti adzaimbe nyimbo imene anawakaniza, ataima pamanda penipeni, osati kunthochi. Amalume akadzafuna kulankhula adzalankhule, koma nane ndidzaimirira, pamaso pawo, popanda foni yobisalamo. Tadala adzakhala pambali panga atavala nsapato zoyaka, ndipo ndidzamuuza aponde mwamphamvu.

Galimoto ya madamu yalowa pageti. Ndikatsegule chitseko.

Ndimakukondani, amayi. Pumulani, dzina lanu ndaligwira ine.

Mwana wanu,
Esinati

Ndamaliza Lachisanu, 4 koloko madzulo, fumbi likadali m'mwamba.